Kodi hardcore yosakaniza zamba ndi luso kapena ndi phokoso chabe?

Chiphaliwali:
Moni nonse. Ndabwera ndi dandaulo komanso funso, ndipo ndikupempha inu amene makutu anu anakhwima pa nkhani ya nyimbo kuti mundithandize. Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikumvetsera chimbale cha gulu la hardcore (punk yaukali ndi yothamanga kwambiri) la Refused la ku Umeå m'dziko la Sweden, chotchedwa The Shape of Punk to Come, chimene chinatuluka mu 1998. Tsiku loyamba ndinachizimitsa chisanafike pakati chifukwa mutu unandizungulira. Magitala amalusa, woimba amakuwa ngati nyumba ikupsa, kenaka zonse zimangoti zii, n'kutsala besi ikuyenda mwakachetechete ngati ya jazz, kenaka kumalowa timawu ta makina tonga ta m'malo ovinira, ndipo usanakhazikike moto uja umabukanso. Lero ndimachikonda kwambiri, koma ndikafuna kufotokozera anzanga chifukwa chake, mawu amandithera. Akulu anga amene ndimakhala nawo atachimva anangopukusa mutu n'kunena kuti anyamatawa sakudziwa chimene akufuna, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Funso langa ndi ili: tingasiyanitse bwanji gulu limene lasakaniza zamba mwaluso ndi gulu limene langounjika zinthu pamodzi kuti lioneke lanzeru?

MsomaliWadzimbiri:
Akulu anu ananena zoona, achimwene. Hardcore ndi nyimbo yaifupi, yothamanga ndiponso yolunjika, ndipo ubwino wake uli pomwepo. Mverani Minor Threat ya ku Washington, D.C. kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: nyimbo zambiri zimatha mphindi ziwiri zisanakwane, munthu wanena zimene zimamuwawa, basi wakhala pansi. Mukayamba kuthiramo cello (chida chonga vayolini yaikulu) ndi makina monga anachitira a Refused, mwachotsa chinthu chimene chinapangitsa kuti mwana aliyense wodziwa kugwira gitala pang'ono athe kuyambitsa gulu lake.

WaKuChileka:
A Msomali, ndikupemphani kuti mubwerere pang'ono m'mbuyo, chifukwa hardcore yosasakaniza imene mukuiteteza inabadwa yosakaniza kale. Anyamata a Minor Threat ankaphunzira poonera gulu la Bad Brains, la mumzinda womwewo, ndipo Bad Brains anali anyamata akuda anayi amene poyamba ankaimba jazz fusion pansi pa dzina lakuti Mind Power. Liwiro limene anthu amalitama mu hardcore, iwowa analifikira chifukwa manja awo anali atazolowera kale nyimbo zovuta kuimba. Ataona Bob Marley akuimba analowa chikhulupiriro cha Rastafari, ndipo pa kaseti yawo yoyamba ya mu 1982, imene inatulutsidwa ndi kampani ya ROIR ku New York, muli nyimbo za reggae zodekha pakati pa nyimbo zothamanga ngati mphepo. Ine ndinakulira pa reggae monga ambiri a ife kuno kwathu, ndipo ndinalowa mu hardcore kudzera pakhomo limeneli. Ndikanayambira pa Minor Threat sindikanapirira.

MsomaliWadzimbiri:
Kasetiyo ndimaidziwa bwino. Koma onani kuti iwo sanathire reggae m'kati mwa nyimbo ya hardcore. Nyimbo yothamanga ili payokha, ya reggae ili payokha, monga nsima pambale yake ndi ndiwo pambale yake. Zimene akunena a Chiphaliwali n'zina, ndi kuthira zonse mumphika umodzi.

WaKuChileka:
Pa kaseti yoyambayo ndikuvomerezani. Koma pofika 1986, pa chimbale cha I Against I, mbale zija zinayamba kuthirana: muli funk, muli metal, ndipo mawu a woimba wawo H.R. amachoka pa kukuwa n'kufika pa kuimba kwa mtima pansi m'nyimbo imodzi yomweyo.

Mbalule:
Ndiloleni ndiyankhe funso loyamba monga munthu amene amaimba ng'oma, chifukwa ndikuona kuti tikayamba kukangana za amene anayamba ndani, tsiku litha tisanamuthandize mwini funso.

Ine ndikamamvera gulu losakaniza zamba sindiyang'ana kuti laika zamba zingati. Ndimamvetsera pa mfundo, pamalo pomwe chamba china chikuthera ndipo china chikuyambira. Mmisiri wa matabwa amadziwika ndi mmene walumikizira mwendo wa tebulo, osati ndi kuchuluka kwa mitundu ya mitengo imene wagwiritsa ntchito. Pa chimbale cha Refused chija, mukamva kuti phokoso lazima n'kutsala besi, yesani kupitiriza kuwerenga ndi phazi lanu liwiro limene munali nalo. Kawirikawiri mupeza kuti kugunda kuja sikunafe, kwangobisala, ndipo magitala akamabwerera amagwera pomwe phazi lanu likugwera. Apo ndiye kuti gawo lodekha lija linali ndi ntchito: linakokera mpweya m'chifuwa cha nyimbo kuti kuphulika kotsatirako kumveke kwakukulu. Phokoso losalekeza limatopetsa khutu, ndipo pakapita mphindi zitatu silimvekanso ngati phokoso. Gulu lochenjera limakumana nawe ndi bata kuti likumenye bwino.

Gulu longounjika limadziwika chifukwa ukachotsa gawo la jazz kapena la makina, nyimbo imatsala yomweyo, osataya kanthu. Yesani kuchita zimenezi m'mutu mwanu. Ngati nyimbo ikugwa mutachotsa gawolo, ndiye kuti gawolo linali mzati. Ngati ikuimabe, linali duwa lopachika pakhoma.

Tsono pali ena amene amapita patsogolo n'kuthyola kuwerenga kwenikweniko. The Dillinger Escape Plan a ku New Jersey, pa chimbale cha Calculating Infinity cha mu 1999, sakhazikika pa kuwerenga kwa zinayi kumene tinazolowera m'nyimbo zovina. Amawerenga zisanu ndi ziwiri, kenaka zisanu, kenaka china, mosinthasintha ndiponso pa liwiro lalikulu. Anzanga ena amati izi zikufanana ndi ng'oma za gule wathu, pomwe wina amayenda mwa zitatu mnzake akuyenda mwa ziwiri. Ine ndimakana. Pa gule, ng'oma zimapingasana koma zonse zimazungulira n'kubwerera pamalo amodzi, ndipo n'chifukwa chake wovina amatha kuponda molimba mtima. A Dillinger amachita dala kuti usapeze poponda. Ndi luso lina, cholinga chakenso china.

MayiWaKwaya:
A Mbalule mwafotokoza bwino, ndipo fanizo la mzati ndi duwa ndalisunga. Vuto langa ine ndi mawu a munthu. Ndaimba kwaya zaka zambiri, ndipo ndikamva munthu akukuwa chotero, kummero kwanga kumawawa m'malo mwake. Mwana wanga wamwamuna amamvera zimenezi m'chipinda chake, ndipo ndinalowa m'gulu lino kuti ndimvetse chimene amapezamo. Kodi pamene mawu a nyimbo sakumveka, uthenga umafika bwanji?

Mbalule:
Mayi, funso lanu ndi la nzeru. M'nyimbo zimenezi mawu a munthu nthawi zambiri amagwira ntchito ngati chida china choimbira, pafupi kwambiri ndi ng'oma kusiyana ndi kwaya. Mumayamba kumva mkwiyo kapena chisoni musanamve liwu lililonse, monga momwe mungadziwire kuti pakhomo pena pagwa zovuta mutangomva kulira chapatali. Mawu enieniwo anthu amawerenga pa chikuto cha chimbale kapena pa intaneti, ndipo magulu ambiri a chamba chimenechi amasamala kwambiri zimene alemba. Za kummero musade nkhawa kwambiri ngati mwana wanu akungomvera. Akayamba kuyeserera yekha, muuzeni zimene mumauza a kwaya: mphamvu ichokere m'mimba, ndipo kukayamba kuwawa aleke.

MayiWaKwaya:
Zikomo bambo. Wayamba kale kuyeserera, ndipo anansi athu ndi mboni.

NjanjiYaLimbe:
Pepani, ine ndasokonezeka pang'ono. Ndimadziwa kuti hardcore ndi nyimbo za makina zothamanga kwambiri, zija za ku Rotterdam zimene amazitcha gabber. Kodi tikukamba chinthu chimodzi?

Nthungululu:
Ayi achimwene, dzina ndi limodzi koma mabanja ndi awiri. Ya ku Rotterdam ndi mwana wa techno ndipo inakula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene imene tikukamba pano ndi mwana wa punk. Komabe simunasochere kwenikweni, chifukwa mabanja awiriwa anakwatirana. Gulu la Atari Teenage Riot, limene linayamba ku Berlin mu 1992, linatenga ng'oma za makina n'kuziphatikiza ndi magitala ndi kukuwa kwa punk polimbana ndi magulu a tsankho a chinazi amene ankadzuka ku Germany nthawi imeneyo, ndipo chamba chawo anachitcha digital hardcore.

Koma ine ndikufuna kuyesa muyezo wa a Mbalule ndi chitsanzo chovuta. Woimba saxophone wa ku New York, John Zorn, anali ndi gulu lotchedwa Naked City, ndipo mu 1990 anatulutsa Torture Garden, chimbale cha tinyimbo 42 timene tonse pamodzi sitikwana theka la ola. M'kanyimbo kamodzi kosakwana mphindi imodzi mumatha kumva jazz, country, nyimbo zonga za m'makatuni ndi grindcore (chamba chothamanga koopsa chosakaniza hardcore ndi metal), chilichonse kwa masekondi ochepa, Yamatsuka Eye wa ku Japan akukuwa pamwamba pake. Pamenepo palibe mzati, zonse ndi maluwa odulidwa. Malinga ndi muyezo wanu, a Mbalule, chimenechi ndi chimbale cholephera. Koma ine ndimachiona kuti ndi chimodzi mwa zinthu zodabwitsa zimene ndinamvapo.

Mbalule:
Mwandigwira pabwino, koma sindigonja msanga. Pa chimbale chimenecho mzati ndi kudulako. Oimba ake, monga Bill Frisell pa gitala ndi Joey Baron pa ng'oma, anali akatswiri a jazz, ndipo chimene umamvera ndi anthu angapo akutembenuka nthawi imodzi popanda wotsalira, ngati gulu la mbalame likakhota m'mwamba. Mukachotsa kudulako palibe chotsala. Choncho muyezo wanga ukugwirabe ntchito, kungoti mzati uli pamalo pomwe sitinazolowere kuufuna.

MsomaliWadzimbiri:
Ngati mzati ungakhale paliponse pomwe mwafuna, ndiye kuti muyezo wanu sungalephere chimbale chilichonse, ndipo muyezo wotero ndi wopanda ntchito. Kwa ine Naked City ndi akatswiri a jazz akusewera ndi zovala za anthu ena. Amadabwitsa, inde, koma sindimva kuti pali chimene chikuwawawa.

Nthungululu:
Apa a Msomali mwakhudza chinthu chenicheni, ngakhale sindigwirizana nanu pa Zorn, amene ankalemekeza kwambiri magulu monga Napalm Death mpaka anayambitsa gulu lina, Painkiller, ndi Mick Harris amene ankaimba ng'oma mu Napalm Death. Munthu wongobwereka chovala safika pamenepo. Koma funso lakuti kodi pali chimene chikuwawawa ndi muyezo wachiwiri umene tiyenera kuuika pambali pa wa a Mbalule.

AgogoAKaseti:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndikuona kuti mkangano wanu ndi wakale kuposa ambiri a inu. Ndili mnyamata ndinakhalako ku Zambia, nthawi imene magulu monga WITCH ndi Ngozi Family ankatenga magitala aukali a rock n'kuwakwatitsa ndi mayimbidwe akumudzi, ndipo akuluakulu ankanena mawu omwewa, akuti ana awa asokonezeka. Si hardcore imeneyo, ndipo sindikufuna kukusocheretsani, koma khutu langa linaphunzira kumeneko kusaopa gitala yolira mokalipa.

Pa nkhani yanu yeniyeni, ndikudabwa kuti palibe amene watchula Minutemen a ku San Pedro ku California. Anali atatu okha, ana a anthu ogwira ntchito zamanja, ndipo mu 1984 anatulutsa Double Nickels on the Dime, chimbale cha nyimbo zoposa 40, zambiri zazifupi monga momwe a Msomali amafunira, koma zodzaza ndi funk, jazz ndi country. Chinsinsi chawo chinali kugawana malo. D. Boon ankaimba gitala yake mopyapyala, ya mawu akuthwa apamwamba, kusiyira Mike Watt malo onse apansi kuti besi iyende momasuka, ndipo iwo ankaona kugawana kumeneku ngati nkhani ya chilungamo pakati pa anthu, osati ya kamvekedwe kokha. Analibe cello, analibe makina, analibe ndalama. Choncho mantha anu a Msomali, akuti kusakaniza kumatsekera kunja mwana wosauka, gulu limeneli likuwatsutsa. Boon anamwalira pa ngozi ya galimoto mu December 1985, gulu n'kutha pomwepo.

Ndiwonjezere chimodzi cha pafupi ndi kwathu. Ku Johannesburg kunali gulu la National Wake, limene linayamba mu 1978, la anyamata akuda ndi oyera pamodzi m'nthawi ya tsankho, likuimba punk yosakaniza ndi reggae ndi funk. Kwa iwo kusakaniza zamba kunali chithunzi cha anthu amene anali pa nsanja, ndipo apolisi ankawavutitsa chifukwa cha zomwezo. Pamenepo palibe angafunse ngati panali chowawawa.

MsomaliWadzimbiri:
Agogo, pa Minutemen ndagwada, chifukwa ndimawakonda ndipo ndinawaiwala dala kuti mkangano wanga uyende. Koma iwo ndi umboni wanga pa mbali ina: anasakaniza popanda kutalikitsa nyimbo ndiponso popanda kusalaza kamvekedwe. Chimene ndimadana nacho ndi zimene zikuchitika masiku ano, pamene gulu ngati Turnstile la ku Baltimore likuthira timawu totsekemera pa chimbale cha Glow On cha mu 2021, n'kuitana woimba wa R&B, kenaka aliyense n'kumati hardcore yakula. Sinakule, yaphikidwa kuti ilowe m'kamwa mwa anthu amene sakanaifuna ili yaiwisi.

KamtsikanaKaBesi:
Ndikukana mwaulemu, achimwene. Ine ndinayambira pa Glow On, ndipo kuchokera pamenepo ndinabwerera m'mbuyo mpaka kukafika kwa Bad Brains ndi Fugazi. Mukananditsekera khomo limenelo, lero sindikanakhala ndikuphunzira besi. Komanso kusalala kwa kajambulidwe si kufooka kwa nyimbo. Mverani mmene ng'oma zawo zimadumphira, muli kanthu kena ka go-go, funk yovinira ya ku Washington, ndi kavinidwe ka Chilatini, ndipo zimenezo zili m'mafupa a nyimbo, osati pakhungu.

Ndipo ngati mukufuna za masiku ano zimene sizinaphikidwe, zilipo. Soul Glo a ku Philadelphia, pa Diaspora Problems cha mu 2022, amachoka pa hardcore yothamanga n'kulowa mu hip hop popanda kupepesa, ndipo woimba wawo amalavula mawu ochuluka pa mpweya umodzi kotero kuti rap ndi kukuwa zimasanduka chinthu chimodzi. Amakamba za umphawi, za tsankho, za kukhala munthu wakuda m'chamba chimene ambiri amachiyesa cha azungu ngakhale kuti Bad Brains anali pa chiyambi pake. Kwa iwo hip hop si mlendo woitanidwa, ndi chilankhulo chimene anakula nacho.

Nthungululu:
Mawu omalizawo, achemwali, ndi amene ndakhala ndikuwafuna. Mwina kusiyana kuli pa zimenezi: pali oimba amene amasakaniza zimene anakula nazo, ndipo pali amene amasakaniza zimene anakagula. Chitsanzo cha ku Africa kuno ndi Duma, anyamata awiri a ku Nairobi amene chimbale chawo chinatuluka mu 2020 kudzera ku Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala. Ndi kukuwa kwa grindcore pamwamba pa ng'oma za makina zopingasana, ndipo sizimveka ngati akutsanzira London kapena New York.

Mbalule:
Ndikuvomereza theka. Anyamata a Refused anakulira kumpoto kwa Sweden, ndipo jazz sinali nyimbo ya m'mudzi mwawo. Dzina la chimbale chawo analitenga dala pa The Shape of Jazz to Come cha Ornette Coleman cha mu 1959, kusonyeza poyera kuti akubwereka. Munthu angathe kukonda chinthu chimene anachipeza atakula mpaka chimusinthe kaganizidwe. Tikati aliyense aimbe zokhazo zimene anayamwa, ndiye kuti ifenso pano tilibe chifukwa chomvera hardcore.

GitalaYosweka:
Ndipatseniko mpata ndidandaule pang'ono, chifukwa inu mukukamba zomvera pamene ena tikuvutika ndi kujambula. Ine ndi anzanga awiri tinayesa kujambula nyimbo yosakaniza hardcore ndi kamenyedwe ka manganje mu situdiyo ina mumzinda wathu. Wojambulayo atamva gitala ikulira mokalipa anaganiza kuti waya wawonongeka, ndipo titamufotokozera anaichepetsa mpaka inamveka ngati wailesi ya m'nyumba ya aneba. Ng'oma zathu anazikonza pa kompyuta kuti zigwere ndendende pa mzere, kotero kuti kukokana konse pakati pa gitala ndi ng'oma, kumene kunali mtima wa nyimboyo, kunafa. Tinalipira n'kutuluka ndi chinthu chimene sitinachizindikire. Sindimuimba mlandu kwambiri, chifukwa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi nyimbo zauzimu ndi zovina, ndipo kumeneko ndi katswiri.

AgogoAKaseti:
Mwana wanga, ulendo wina jambulani nonse pamodzi m'chipinda chimodzi, muike maikolofoni ochepa, ndipo muletse kukonza ng'oma pa kompyuta. Magulu amene tawatchula a zaka za m'ma 1980 ankajambula mwachangu ndi ndalama zochepa, kawirikawiri usiku pamene situdiyo ndi yotchipa. Mutengereninso wojambulayo nyimbo ziwiri kapena zitatu kuti amve kumene mukulowera musanayambe.

Chiphaliwali:
Ndikuthokozani nonse, sindinayembekezere kuti funso langa libala zonsezi. Usiku wathawu ndinabwerera ku chimbale changa chija ndi phazi pansi monga ananenera a Mbalule, ndipo ndinapeza magawo ambiri amene ndi mizati, komanso awiri kapena atatu amene ndikuvomereza kuti ndi maluwa, makamaka timawu tina ta makina pakati pa nyimbo. Ndinawerenganso kuti gululi linatha chaka chomwe chimbalecho chinatuluka, ali pa ulendo ku America, ndipo chionetsero chawo chomaliza, m'chipinda chapansi cha nyumba ina ku Harrisonburg m'chigawo cha Virginia, apolisi anachiimitsa. Anthu ambiri anadzachizindikira chimbalecho eni ake atabalalika, mpaka anadzakumananso mu 2012.

Akulu anga ndinawaikira nyimbo ya reggae ya Bad Brains osawauza kanthu, ndipo anagwedeza mutu mokondwa. Itangolowa nyimbo yotsatira anadzuka n'kundifunsa chifukwa chimene ndasinthira gulu. Nditawauza kuti ndi anthu omwewo anakana mpaka ndinawaonetsa chikuto.

MsomaliWadzimbiri:
Ndiye anati chiyani ataona?

Chiphaliwali:
Anati woimba ng'omayo ndi munthu woopsa, koma pusi wagwabe chagada.

KamtsikanaKaBesi:
Ayeseni ndi Fugazi, achimwene. Ian MacKaye wa Minor Threat yemweyo ndiye anayambitsa nawo gululi, kotero a Msomali sangatsutse, ndipo besi ya Joe Lally imayenda ndi mipata yonga ya dub, mwana wa reggae, imene akulu anu aizindikira msanga. Muyambire pa 13 Songs cha mu 1989, ndipo mukweze mawu apansi pa sipika.

MsomaliWadzimbiri:
Ndikhoza kutsutsabe, achemwali, koma osati pa chimbale chimenecho.